Ndinaphunzitsa karate nditakhala pampando

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ngakhale inu amene mwazolika nditangoimirira, mtendere womwewo.

Ndine Faustino, amene mumati "wa zibakera uja". Karate ndinaiphunzira ku Malawi, tili kothawa nkhondo. Titabwerera kuno ku Zóbuè, anyamata anali ndi ukali wosowa pouika. Ena anali atagwirapo mfuti. Ndinawasonkhanitsa kuseri kwa nyumba yanga, iwo n'kuyamba kunditchula mestre, ndiye kuti mphunzitsi.

Pa ntchito yathuyi mestre sachulutsa mawu, amaonetsa. Theche lililonse ndinkayamba ndine, ophunzira n'kutsatira. Komanso mestre asafooke. M'mawa kuthamanga m'phiri ndekha, masana kumunda, madzulo kuphunzitsa. Thupi limodzi, abale!

Tsiku lina ndinalumpha, potera bondo linangoti phwa! Ndinagwa pamaso pa ophunzira anga. Kuchipatala ku Moatize anandiuza mosapsatira: "Bambo, mukalumphanso, mudzayendera ndodo mpaka kumanda."

Ndiye mverani apa. Ndili chigonere munabwera, inde munabwera. Munabwera kudzaona ngati Mulungu wamaliza ntchito. Mayi wina, ali muno, anaima pakhomo n'kuti: "A Faustino, thecheli wakumenyani ndi Yehova, siyani za ndewuzi." Osanyamula ngakhale nthochi imodzi! Mlamu wanga Zeca, amene ndinamuphunzitsa ndekha kumanga lamba wa karate, anauza ophunzira kuti wolumala saphunzitsa. Anatenga ambiri n'kupita nawo pabwalo la sukulu. Zinandiwawa kuposa bondo. Ndinakwiya, ndipo sindinama muno m'kachisi, mkwiyowo sunathe wonse.

Anatsala owerengeka. Mkazi wanga ananditulutsira mpando n'kuti: "Bambo, khalani apa. Mwendo wapuma, koma pakamwa panupo sindinaonepo patapuma." Mestre pampando! Manyazi ake!

Koma taonani Mulungu. Kale ndikamaonetsa, maso anga ankakhala pa thupi langa lomwe. Nditakhala pansi, ndinayamba kuona miyendo ya ophunzira. Onse potera ankapindira bondo m'kati. Onse! Ndi mmene anatiphunzitsira kothawa nkhondo kuja, ndi mmenenso ndinkaterera ine. Ndinaimitsa zolumpha, tinayambiranso kuphunzira kuponda pansi ngati ana.

Ndinatumiza mawu kwa Zeca kuti ayang'ane maondo a anyamata ake. Anayankha kuti malangizo a pampando athere pampando pomwepo. Mvula isanagwe, anthu ananyamula mnyamata wake wina pa njinga kupita naye kuchipatala, bondo litaphwanyika. Sindinaseke. Mnyamatayo anali wanga poyamba, ndipo mpaka lero amakoka mwendo. Ena onse a kwa Zeca anabwerera kwa ine okha, ine osawaitana.

Lero sindilumpha, abale. M'mawa ndimalimbitsa ntchafu pang'onopang'ono, bondo likayamba kupweteka ndimaleka. Madzulo ndimaimirira kuonetsa za manja zokha, zinazo ndimaphunzitsa ndi maso ndi pakamwa. Kukazizira bondo limanditukwana, koma kumunda ndimapita ndi miyendo yanga. Ndikuthokoza Yesu. Ndikuthokoza mkazi wanga.

Zeca ndamukhululukira za ine. Koma pabwalo panga asapondepo mpaka atakagwada pakhomo pa mayi ake a mnyamata uja. Inu amene mumamwa naye tiyi, mukamuuze choncho. Amen!