A Gologolo ndi mkuyu wa pa sikelo

Abusa, akuluampingo, achibale, anansi, ndi inu anzathu a zingwe ndi masowo amene mwaima kumbuyoko zipewa zili m'manja, ndapatsidwa mphindi zochepa kuti ndiwerenge mbiri ya malemu. Ine ndine mlamu wawo. Anakwatira achemwali anga, ndipo kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndine amene ndinkaima pansi kugwira chingwe iwo ali m'mwamba. Choncho ndikanena china chokuseketsani pa maliro mundikhululukire, mlamu saletsedwa.

Malemu, amene tonse tinkawadziwa kuti a Gologolo, anabadwa m'chaka cha 1964 m'nyumba za antchito za pa fakitale yocheka matabwa, pamene bambo awo ankagwira ntchito yonola masowo. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Dzina la Gologolo anawapatsa ndi mayi awo, chifukwa nthawi yosamba ikakwana ankawapeza ali phee pamwamba pa mtengo wa kuseri kwa bafa.

Sukulu anayamba mu 1971 ndipo analekezera kalasi yachisanu ndi chimodzi, bambo awo atavulala dzanja pa makina. Iwo eni sankabisa kuti ngakhale ngoziyo ikanapanda kuchitika, iwo ndi sukulu sankamwerana madzi. Cholembera ankachigwira ngati akugwira chikwanje, ndipo pepala linkabooka asanamalize dzina lawo. Anayamba kunyamula matabwa pa fakitale pomwepo, kenaka mu 1985 analowa m'gulu losadza mitengo m'mbali mwa misewu ndi pansi pa mawaya a magetsi. Kapitawo wa gululo anawaphunzitsa zinthu ziwiri zimene anazisunga ngati malamulo a m'buku lopatulika: nthambi uziidula mogundiza thunthu kuti pasalale, ukatero upakepo penti kuti madzi asalowe.

Mu 1990 anabwera kwathu kudzadula nthambi imene inkakhula denga. Inali ntchito ya m'mawa umodzi, koma inawatengera masiku anayi, ndipo tsiku lililonse ankatsika kangapo kudzapempha madzi akumwa kwa achemwali anga. Bambo athu anaona okha kuti nthambi si imene yavuta. Ukwati unadalitsidwa chaka chotsatira, ndipo akhala m'banja zaka makumi atatu ndi zitatu. Mu 1998 anayamba kugwira ntchito paokha, nanditenga ine. Mu mpingo anali membala wa kwaya, mbali ya besi, komanso babu lililonse la pamwamba m'tchalitchi likapsa panalibe chifukwa choitanitsira msonkhano, aliyense ankadziwa wokwera.

Mu 2016 mwana wawo woyamba, amene ndi mphunzitsi, anawagulira foni ndi kuwalowetsa m'gulu la pa foni la anthu osamalira mitengo. M'gulumo muli anthu a m'madera akutali, ena a maiko ena, ndipo amakambirana za matenda a mitengo, za zingwe, za makina, ndiponso za mayeso a satifiketi ya ntchito yathuyi. Poyamba malemu ankalinyoza gululo, ankati ndi bwalo la anthu okwera mitengo ndi chala chachikulu. Tsiku lina anafuna kuwaonetsa anthuwo ntchito yeniyeni. Anandiuza kuti ndijambule mtengo umene tinali titangousadza, mabala ake osalala, opakidwa penti bwinobwino, ndipo anatumiza chithunzicho ali ndi chimwemwe cha munthu amene akudikira kuomberedwa m'manja.

Anawayankha ndi mayi wina wa m'gulumo amene timamutchula kuti Mayi Mizu, chifukwa funso lililonse iwo amayambira kufunsa za mizu. Anawauza mwaulemu kuti pamene nthambi imalumikizana ndi thunthu pali kotupa kamene timati khosi, ndipo khosilo ndi limene limatseka bala. Ukalidula, mtengo ulibenso chodzitsekera, ndipo penti imangosunga chinyezi mkati kuti bowa adye mwamtendere. Malemu anakwiya masiku atatu. Ankati mayiyo anabadwa iwo ali kale m'mwamba. Koma Loweruka anandidzutsa kuti nditenge nyundo ya mtengo tikayendere mitengo imene anasadza zaka makumi awiri zapitazo. Tinayendera isanu ndi itatu. Isanu titaigogoda inalira ngati ng'oma, ndipo wina nditakankha chala pa penti chinalowa chonse. Pobwerera, kunena zoona, ndinawamvera chisoni.

Madzulo ake anatumiza uthenga wa mawu ku gulu, ndipo ndaulemba monga anaunenera: "Anzanga, ndine Gologolo. Zaka makumi atatu ndakhala ndikuvulaza mitengo ndikumati ndikuichiritsa. Mayi, munanena zoona. Ndiphunzitseni." Kuyambira tsiku limenelo panalibe munthu wofunsa mafunso ambiri m'gulumo kuposa iwo. Wina akadandaula kuti foni ikungolira, ankamuyankha kuti safunsa anadya phula, ndipo iwo phula adya lokwanira.

Mu 2017 analembetsa mayeso a satifiketi. Mayesowa ali pawiri, a m'mwamba ndi a pa pepala. A m'mwamba, okwera, omanga mfundo, otsitsa mnzako amene wavulala mu mtengo, anakhoza ulendo woyamba, ndipo woyesayo anawapempha kuti abwereze mfundo ina kuti aijambule. A pa pepala ndiwo anawagwetsa. Anagwa mu 2017, anagwa mu 2018, anagwanso mu 2019. Mayankho ankawadziwa, koma nthawi inkatha ali pa funso lachinayi, akulimbana ndi maina a Chilatini a mitengo amene ankati ndi maina a mankhwala a chifuwa. Atalephera kachitatu anaika mabuku m'katoni ndi kuikweza pamwamba pa kabati, nanena kuti mtengo sufunsa satifiketi.

Ndiye panabwera nkhani ya mkuyu. Pa bwalo la chipatala chaching'ono cha m'dera lathu pali mkuyu waukulu umene amayi amakhala pansi pake akamadikira sikelo ya ana. Kumayambiriro kwa 2023 akuluakulu a ku ofesi yoyang'anira malowo anaona mphako pa thunthu lake, naitana katswiri wa satifiketi. Katswiriyo anaona mphakoyo, nalemba kuti mtengowo ugwetsedwe, ndipo pa thunthu panalembedwa mtanda wa penti yofiira. Malemu atamva anapita kukaona, ndipo anaizindikira mphakoyo. Linali bala lawo lomwe, la nthambi imene anadula mogundiza mu 1999.

Anatha masiku awiri pa mtengowo. Anaugogoda kuzungulira kuyambira pansi mpaka pa mphanda, anayeza kuya kwa mphako ndi kachitsulo, anafukula pang'ono kuona mizu. Anapeza kuti chowola chili mbali imodzi, thunthu lamoyo ndi lochindikala mokwanira, ndipo nthambi zitatu zolemera zitapepukitsidwa mtengowo ukhoza kuima zaka zambiri popanda kuopseza munthu. Anapita ku ofesi kukafotokoza. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando, koma anawauza kuti lipoti la katswiri limatsutsidwa ndi lipoti la katswiri mnzake, lokhala ndi nambala ya satifiketi. Awiri ena a mapepala a m'dera lathu anakana kutsutsa mnzawo. Mayi Mizu anali okonzeka kusaina, koma amakhala dziko lina ndipo pepala lawo kuno siligwira ntchito. Mkulu wa anamwino pa chipatalapo anawapemphera nthawi, ndipo ofesi inavomera kutchinga malowo ndi chingwe ndi kudikira miyezi isanu ndi umodzi. Ikatha popanda lipoti, mkuyu ugwe.

Tsiku lomwelo katoni inatsika pa kabati. Apa ndiyenera kuthokoza gulu lija pamaso pa anthu onse. Anagawana mitu ya mayeso. M'mawa uliwonse wina ankatumiza mafunso asanu, malemu n'kuyankha ndi mawu, kenaka Mayi Mizu n'kuwauza kuti tsopano alembe zomwezo pa pepala, mphindi khumi, ajambule atumize. Mwana wawo mphunzitsi ankawaikira wotchi pa tebulo lodyera. Achemwali anga anamata timapepala ta maina a Chilatini pa chitseko, pa galasi, ngakhale pa ndowa yosambira, moti lero mayi a m'nyumbamo amadziwa maina a mitengo kuposa ine amene ndakalambira pansi pake. Tikakhala pa ntchito ndinkawafunsa mafunso ndili pansi, iwo n'kumayankha ali m'mwamba, ndipo eni nyumba ena ankaganiza kuti tikukangana.

M'miyezi yomweyo ndi pamene matenda anayamba. Anayamba kubanika akakwera pang'ono, miyendo inayamba kutupa, ndipo madokotala anapeza kuti mtima wafooka. Anawaletsa kukwera. Kwa munthu ngati iwo chimenecho chinali chilango chachikulu, ndipo ndinawaona akulira kamodzi kokha m'moyo wanga, tsiku limene anapachika lamba wawo wokwerera mitengo pa msomali. Achibale tinawauza kuti mayesowo awasiye. Anatiyankha kuti miyendo ndi imene yaletsedwa, dzanja palibe dokotala amene walinenapo kanthu.

Analemba mayeso achinayi mu Ogasiti 2023, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi, m'chipinda chimene ena onse anali a msinkhu wa ana awo. Ine ndinadikira panja pa benchi maola atatu. Atatuluka ndinawafunsa kuti zayenda bwanji, iwo anangondionetsa chala chimene chinatupa ndi cholembera, nati afika funso lomaliza. Zotsatira zinatuluka kutatsala masiku khumi ndi limodzi kuti nthawi ya mkuyu ithe. Anakhoza, ndipo pa pepala la matenda ndi kuwola kwa mitengo anaposa onse amene analemba chaka chimenecho. Galu wamkota sakandira pachabe. M'gulu muja tsiku limenelo munalowa mauthenga oposa mazana atatu, ndipo foni yawo inazima yokha.

Lipoti analilemba ndi dzanja, masamba anayi. Mwana wawo anafuna kulitaipa, iwo anavomera pokhapokha tsamba lomaliza likhale la dzanja lawo. Pa tsambalo analemba kuti mphakoyo inayamba chifukwa cha kudula kolakwika kwa mu 1999, ndipo wodulayo ndi amene wasaina pansipa. Ndinawauza kuti mzere umenewo ndi wosafunika, palibe amene wawafunsa. Anaukana uphungu wanga monga ankachitira nthawi zonse. Ofesi inatumiza munthu wachitatu kudzayeza, anapeza zomwezo, ndipo chigamulo chogwetsa mtengo chinafafanizidwa. Katswiri woyamba uja anabwera yekha kunyumba kudzawagwira chanza, ndipo lero ali nafe pano.

Ntchito yopepukitsa nthambi inachitika Loweruka lina mu Okutobala. Popeza iwo sakanatha kukwera, a m'gulu anabwera anthu khumi ndi mmodzi, ambiri a iwo tinkangowadziwa mawu. Mayi Mizu anayenda masiku awiri pa basi, ndipo ndi amene anakwera ku nthambi yaikulu. Malemu tinawaikira mpando pa bwalo, bulangete pa miyendo, ndodo m'manja, ndipo ankaloza podula paliponse. Palibe sowo imene inakhudza mtengo iwo asanagwedeze mutu. Khosi lililonse linasiyidwa, ndipo penti sinayandikire n'komwe.

Ntchito itatha, mkulu wa ku ofesi anabweretsa bulashi ya waya kuti mtanda wofiira uja uchotsedwe. Malemu anaikana, anati waya ukanda khungwa. Anaitanitsa beseni la madzi ndi bulashi yochapira zovala, anadzuka pa mpando tikuwagwira mbali zonse, nayamba kutsuka okha. Zinawatengera pafupifupi ola, akupuma kawirikawiri, ndipo palibe amene analimba mtima kuwalanda bulashiyo. Amayi amene anali pa mzere wa sikelo anadula chingwe chotchinga chija osadikira chilolezo, nadzakhala pansi mu mthunzi ndi ana awo malemu akutsukabe. Mtanda utatha anatembenuka, nauza Mayi Mizu kuti: "Mayi, pa mitengo yonse imene ndinavulaza, uwu wokha ndabweza."

Matenda anakula kumayambiriro kwa chaka chino. Anagonekedwa m'chipatala kawiri, ndipo ulendo wachiwiri anakhalamo masabata atatu. Ngakhale ali pa bedi ankayankha mafunso a amene akukonzekera mayeso a chaka chino, ndipo anthu anayi amene ankawathandiza alemba mwezi wamawa. Anatisiya Lachiwiri masana, akazi awo ndi ana awo ali pambali, ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Dzulo m'mawa ndinadutsa pa mkuyu paja. M'mphepete mwa mabala atatu aja khungwa latsopano layamba kale kuzungulira, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali chifukwa ndinalibe womuuza.

Malemu asiya akazi awo, ana anayi, aakazi atatu ndi wamwamuna mmodzi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, achemwali awo awiri, mng'ono wawo mmodzi, ndi ife alamu awo. Alamu, mwagwira ntchito, ndipo mwapita mutakhoza. Mzimu wawo uuse, apumule mu mtendere.