Mapaipi a Tong ndi Njiwa ya Apongozi

Anthu inu, nkhaniyi ndiye yawanda msika wonse, mpaka amayi okazinga nthochi pafupi ndi kachisi aja akuifotokoza ngati analipo! Tong, mnyamata wamatama uja amene akukwatira Namfon, anapita tsiku loti mawa lake ndi ukwati kukatenga pikapu yake kwa a Wirat amakanika, bambo oti ukawauza kuti "dikirani pompano" ukawapeza chiimire mpaka dzuwa kulowa.

"Amalume, mwamanga?" anafunsa Tong akusisita boneti.

"Ndamanga. Mapaipi anayi onyezimira ochokera pa injini, kuti utsi uzituluka osapanikizika. Kutsogoloku ndaika sefa ya mpweya yaikulu ngati chidebe."

"Eyaa! Ndiye ithamanga?"

"Kupita kuti?"

"Kwa apongozi, mawa, pokapereka mphatso za ukwati!"

A Wirat anakanda mutu ndi sipanala. "Si paseri pa kachisi pomwepa?"

"Pomwepo."

"Ndipo kutsogolo kukhala azakhali ako akuvina, atanyamula mitengo ya nthochi ndi nzimbe?"

"Eya, mwambo wake ndi umenewo."

"Ndiye ukufuna uwagunde?"

"Aaa, amalume! Ndani wanena zogunda?"

"Chifukwa azakhali ako a Somjai akamavina amapita kutsogolo pang'ono, kenako n'kubwerera. Galimoto yofunika pamenepo ndi yodziwa kubwerera m'mbuyo."

Tong anamenya tayala ndi phazi. "Inu simukumva. Nkhani ndi kulira kwake! Apongozi anga a Prasert amati ine ndine mkamwini wozizira, ndikalankhula sindimveka. Mawa andimva ndisanafike n'komwe."

"Oo, zimenezo? Akumva kale."

"Andimva liti?"

"Dzulo. Si unati ndikaiyesere kumene ikagwire ntchito? Ndinakaiyesera pa geti pawo."

Tong anaseka mpaka mano onse panja. "Amalume, ndinu munthu! Inalira?"

"Inalira. Agalu anathawira m'munda wa mitengo ya mphira. Mwana wa pa golosale anagwetsa madzi oundana."

"Nanga apongozi?"

"Anali panja, akukweza khola la njiwa yawo pa mtengo wautali uja."

Apa kuseka kwa Tong kunayamba kuchepa. Paja njiwa imeneyo aliyense amaidziwa. Imapambana mipikisano yoimba chigawo chonse, khola lake lili ndi nsalu yamaluwa, ndipo anthu amati a Prasert amaipatsa moni m'mawa asanapatse akazi awo.

"Njiwayo... inali m'kholamo?"

"Inalimo. Inkaimba bwino zedi. Kuu-kuruu-kuu... ine n'kuponda mafuta."

"Kenako?"

"Inathera pa kuu."

"Mayo ine! Yafa?"

"Ayi, ili moyo. Ikudya, ikumwa, ikuyang'ana anthu. Kungoti chiyambire dzulo sinatsegule pakamwa. Ndipo mpikisano uli Lamulungu likudzali."

Tong anakhala pa tayala lakutha, n'kudzukanso. "Palibe vuto. Izolowera. Mbalame zimazolowera. Mawa ikamvanso kachiwiri..."

"Ndinaganizanso choncho. Ndinapondanso kachiwiri."

"Amalume!"

"Sinazolowere."

"Chabwino, chabwino. Koma sakudziwa kuti galimoto ndi yanga eti? Magalasi ndi akuda aja."

"Anandifunsa."

"Inu n'kunena kuti chiyani?"

"Ndinatsitsa galasi, n'kupereka ulemu ndi manja awiri, n'kuwauza mawu ako. Ndinati, bambo, Tong akuti akufuna mumumve mpaka m'mafupa."

Tong anagwira mutu. "Ndinkauza inu! Osati iwo!"

"Sunanene kuti ndi chinsinsi."

"Ndiye anati chiyani?"

"Anati galimoto imeneyi ikangolira kamodzi pafupi ndi nyumba yawo, achibale a mkwatibwi otchinga pakhomo ndi tcheni pa mwambo wa ukwati aja sakutsegulira, ngakhale uwapatse maenvelopu a ndalama odzaza thumba. Akuti Namfon bola akwatiwe ndi munthu wa njinga yakapalasa."

"Akungoopseza! Mapaipi anga sindichotsa. Ndawalakalaka kuyambira kalekale. Ndi dzina langa limeneli, amalume!"

"Chabwino." A Wirat anayamba kupukuta manja.

"Simundikakamiza?"

"Wati suchotsa."

Tong anazungulira pikapu ija, anasuzumira mapaipi aja akuwala ngati siliva, n'kuyang'ana cha kukachisi. Namfon ndi mtsikana wokongola, anthu inu, ndipo mnyamata wa njinga yakapalasa alikodi, amagulitsa zakumwa pa sukulu.

"Bwanji muikemo nsanza kuti izilira pansipansi?"

"Nsanza zipsa. Ufika kwa apongozi ukufuka ngati nsomba yowamba."

"Basi, chotsani! Bwezerani akale aja, msanga!"

"Akale ati?"

"Mapaipi akale! Adzimbiri aja!"

"Ali mu ngalande."

"Mu ngalande mukutani?"

"Unati ndiwaponye mu ngalande usadzawaonenso. Ndinasankha pakuya penipeni."

"Kumeneko kunali kungolankhula!"

"Ine kunali kungomvera."

Tong anangoti khwee pansi, thalauza lake loyera pa oilo. "Ndiye mkwati ndipita pa chiyani? Mphatso zonse zija, ng'oma, masipika, ndisenza pamutu?"

"Pa pikapu yomweyi. A Prasert sanakane galimoto, akana kulira kwake. Uizimitsa, uikankha."

"Kukankha? Ine? Nditavala suti?"

"Kamtunda n'kamodzi kokha, ka pa mlatho."

"Ndiye mphamvu zonse mwaikamozi zigwira ntchito yanji?"

A Wirat anamuyang'ana Tong kuyambira kumapazi, n'kumufinya kamkono kake kowonda ngati akusankha nkhuku pa msika.

"Injini ndathana nayo, mwanawe. Wofunika kukonzedwa kuti azikoka mpweya bwino mawa ndiwe. Tatsegula pakamwa ndione."