Ngolo Inabwerera Yopanda Wodwala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wamasiye wa kwa Nsaru. Ndineneretu, mu umboni wangawu mulibe munthu wodzuka pamphasa n'kuyamba kuvina. Amuna anga, bambo a Tadala, anamwalira ndi khansa. Koma Mulungu anandilanditsa ndithu.

Matenda anayamba ngati kachilonda pamwendo. Tinayenda nako mpaka kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene adokotala anatiuza mosabisa kuti khansa yafalikira, tibwerere kunyumba. Kubwerera kukatani? Munthu ankangobuula tsiku lonse, osatha kulumikiza mawu chifukwa cha ululu. Chilonda chinkanunkha moti anzanga a kumpingo ankaimira pakhomo, kupemphera mothamanga, n'kundiuza kuti ndiwonjezere chikhulupiriro. Ndinkapsa mtima kwabasi. Chikhulupiriro chake chiti, pamene nsalu zamafinya ndinkachapa ndekha?

Ndiye kunabwera vuto lina. Bambo a Tadala anali mkamwini. Kwawo ndi ku Kabudula, koma anakhala pamudzi pathu ukwati wathu wonse, nyumba n'kumanga ndi njerwa zoumba okha. Achemwali awo aakulu, aNabanda, anatumiza uthenga woti abwera ndi ngolo kudzawatenga. Akuti mlongo wawo sangafere kuchikamwini ngati alibe kwawo, komanso akuti ine ndinawatulutsa dala m'chipatala. Ine! Chonsecho amunangawo, adakali ndi mphamvu, anandiuza kuti zivute zitani asadzachoke m'nyumba mwawo, pafupi ndi ana. Koma akanandikhulupirira ndani, mwini wake akungobuula?

Ndinapemphera mokalipa, sindinama. Ndinati, Ambuye, kuchiritsa mwakana, chabwino, nanga pakamwa pawo mwatsekeranji?

Sabata yomweyo kunabwera anamwino panjinga yamoto, ochokera kuchipatala cha mishoni, a gulu loyendera odwala amene sangachirenso. Za ife anamva kwa wazaumoyo wa m'mudzi mwathu. Ndinawalandira moipa. Ndinati, “Nanunso mwabwera kudzationera eti?” Iwo sanandibwezere. Analowa, anagwada pamphasa pomwepo osatseka mphuno, anatsuka chilonda n'kuwazapo mapiritsi opera. Anandisiyira botolo la mofini wamadzi, wothetsa ululu, n'kundiphunzitsa kamwetsedwe kake. Kenako anandifunsa ngati ineyo ndadya. Abale, panalibe munthu amene anali atandifunsapo zimenezo. Ndinalira ngati mwana.

Pamasiku ochepa fungo linachepa, ululu unazilala. Ngolo itafika, aNabanda analowa ali chikwiyire, bulangete lonyamulira wodwala lili m'manja. Anapeza mlongo wawo atatsamira khoma, akumwa phala ndi dzanja lawo. Bambo a Tadala anayankhula okha, pang'onopang'ono koma momveka.

“Achemwali, ndamva kuti mwadzanditenga. Ndikafa mukandiike kwathu, sindikana. Koma kufa ndifera muno. Mayi a Tadala sanandilakwire kanthu.”

ANabanda anangoti khu pansi, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Ngolo inabwerera yopanda wodwala, iwo anatsala. Musaganize kuti tinasanduka angelo ayi. Tinkakangana ndithu, akuti phala langa ndi lamadzi, akuti sinditha kutembenuza wodwala. Koma tinkasinthana, ndipo anamwino aja ankabwerabe kudzationa tonse, osati wodwala yekha.

Mpaka lero zimandiwawa kuti chithandizo chimenechi chinalipo, ife n'kumavutika osadziwa. Inu amene mwauzidwa kuti m'bale wanu sachira, musangobwerera kunyumba n'kukhala phee. Funsani kuchipatala za osamalira odwala otere, vutitsani mpaka akuyankheni, ndipo musaleke kupemphera ngakhale mutakwiya.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandiyankha pamene ndinamukalipira. Bambo a Tadala sanachire. Anamwalira mvula yoyamba itagwa, m'nyumba mwawo, ana onse ali pomwepo, mutu uli pamiyendo panga, achemwali awo atawagwira dzanja. Ambuye alemekezeke.