Uthenga wa Mukamaliza

Amakaniko, bambo wamakani ngati bawuti yadzimbiri, anafulula mowa wawo woyamba wooneka bwino sabata yomwe dokotala anawaletsa kumwa, tsoka lake! Tsono Loweruka m'mawa anali m'galaja kuuthira m'mabotolo kuchokera mu mgolo wachitsulo wobwereka, kuti usungike mpaka tsiku lomasulidwa, ndipo wowathandiza anali mlamu wawo, mlongo wa akazi awo, munthu woti ukamuuza kuti dikira pano ukamupeza pomwepo mvula itamuthera pamutu.

"Alamu, achemwali aimba foni," anatero mlamuyo. "Pali uthenga wanu."

"Nena."

"Ati ndikuuzeni mukamaliza."

"Ndiye usunge. Mwini mgolo akuufuna masana ano. Gwira botolo."

"Mabotolowa ndi ofunda, alamu. Mwini mgolo anati ayambe agona mufiliji."

"Mwini mgolo amadziwa mgolo. Mowa ndimaudziwa ndine. Lowetsa kapaipiko."

Amakaniko anatsegula mpopi. Fwaaa! Thovu linakwera m'botolo, kusefukira m'manja, mpaka pa nsapato.

"Aaa! Kodi mgolowu waubweretsa bwanji kuchokera kukhitchini?"

"Munati ndifulumire. Ndaugubuduza."

"Waugubuduza? Mowa wa mpweya?"

"Ndi phazi. Unathamanga bwino zedi."

Amakaniko anagwira mutu. "Mayo ine! Pansipa pakanunkha, mlongo wako aganiza kuti ndamwa. Imwa thovulo lisanagwe!"

"Ine sindimwa mowa, alamu."

"Thovu si mowa. Ndi mpweya wovala malaya oyera. Imwa!"

Mlamu anafwifwinthiza thovulo, napukuta ndevu. "Mwamaliza?"

"Tangoyamba kumene! Lina."

Botolo lachiwiri linachita chimodzimodzi. Lotsatira linachita kulavula kapaipi komwe.

"Alamu, filiji ija ili apa pomwepa."

"Ndakonza mainjini moyo wanga wonse. Mpweya sungandiphunzitse ntchito. Pendeketsa botolo."

"Mbali iti?"

"Iliyonse!"

Mlamu analipendeketsa kuloza kwa Amakaniko. Thovu linawamenya pachifuwa, lina kumaso. Bamboyo anamanga milomo kuti gwa, kuopa kuti dontho lingalowe, nangolira m'mphuno ngati njuchi.

"Mukuti chiyani, alamu? Mukuti mwamaliza?"

"Ndikuti ndipukute, chitsiru iwe!"

"Ndi chiyani?"

"Ndi chilichonse!"

Mlamu anawapukuta ndi chiguduli cha girisi. Ntchito inapitirira, Amakaniko ali bii kumaso, mabotolo akungotsala ndi timowa ta pansi ngati tomwera mbalame, mlamu akumeza thovu mokhulupirika. Kenaka mgolo unatopa nawo ukali wake. Mowa unayenda phee, wofiirira, woyera ngati uchi wosefa, botolo n'kudzaza mpaka m'khosi.

Amakaniko analikweza ku kuwala kwa pazenera, misozi ikulengeza m'maso. Kunena zoona, zinali zomvetsa chisoni: mwana wako wobereka wekha, koma osaloledwa kumunyamula.

"Mlamu," ananong'ona, "lawa undiuze. Ukukoma bwanji?"

Mlamu analawa, naganiza mozama. "Ndi wonyowa."

"Ndikudziwa kuti ndi wonyowa! Kakomedwe!"

"Ukubaya lilime."

"Umenewo ndi mpweya. Nanga kuwawa kwake?"

"Sindinakupeze."

"Kumabwera pambuyo. Pitiriza."

Mlamu anapitiriza. Kholingo linakwera, kutsika, kukwera, kutsika.

"Wakupeza?"

"Mwina kuli pansi, alamu. Ndifike pansi?"

"Fika, mgolo ukadali ndi wambiri."

"Ukupepuka koma."

"Ndati ukadali ndi wambiri! Mowa wanga ndimaudziwa."

Mlamu anafika pansi, naika botolo pa benchi mwaulemu. "Kuwawa kulipo. Koma ndi kuwawa kwabwino, kokhala ngati kukukupepesa. Alamu, ndinu katswiri."

Amakaniko anamwetulira mpaka m'makutu. "Wamva? Katswiri! Bweretsa lina, limeneli likhale la tsiku langa lomasulidwa."

Anatsegula mpopi. Psss. Anaugogoda mgolo. Psss. Anaunyamula ndi dzanja limodzi, naugwedeza pafupi ndi khutu. Munali zii.

Anakhala pansi pa tayala lakale, manja lende.

"Alamu," anatero mlamu, akuyedzamira khoma lomwe linali kutali kuposa m'mene ankaganizira, "tsopano mwamaliza?"

"Ndamaliza. Nena uthenga wakowo."

Mlamu anaongoka, nakonza kolala. "Achemwali ati anadutsira kuchipatala. Dokotala waona zotsatira zanu, muli bwinobwino. Wati lero mutha kumwa botolo limodzi."

Amakaniko anayang'ana botolo lopanda kanthu pa benchi. Anayang'ana mlamu wawo.

"Lero?"

"Lero."

"Ndiye bwanji sunanene, munthu iwe?"

"Munali musanamalize." Mlamu anageya mwaulemu, dzanja pakamwa. "Koma anatsindika kuti limodzi lokha. Musade nkhawa, alamu, ine ndikachitira umboni kuti simunapyole muyezo."