Khansa ya Kwawo kwa Mkamwana

Pa benchi ya kuchipatala, mayi wina wosoka zovala ankadikira kuitanidwa. Bambo wachipewa amene anakhala pambali pake anayambitsa nkhani.

"Mukuoneka athanzi, mayi. Chavuta n'chiyani?"

"Ndabwera kudzayezetsa mabere. Khansa inatenga mayi anga, kenako mkulu wanga. Adokotala akuti nthawi zina imayenda m'magazi."

"Ha! Mabanja ngati anuwo ine ayi. Mwana wanga anabweretsa mtsikana woti akwatire, mphunzitsi, waulemu wake. Nditamva kuti mayi ake anafa ndi khansa, ndinati asapondenso pakhomo panga. Ndilowetse maliro m'nyumba ndikuona?"

"Mnyamatayo anavomera?"

"Mpaka lero sandilankhula. Adzandithokoza."

"Nanga inu, bambo, mwadzatani kuno?"

"Kavuto ka mkodzo basi. Akuti pali kachotupa, andiunike. N'zakumtundu izi. Bambo anga anapita nazo, achimwene anganso."

"Adokotala ankati chinali chiyani?"

Bamboyo anakhosomola. "Anatchula dzina lomwelo. Koma ya amuna ndi ina."

"Oo, ndi ina eti! Mukakumana naye mtsikana uja, mumuuze kuti anapulumuka. Khansa akaipeza msanga amachiza, koma apongozi ngati inu alibe mankhwala."