Denga la Ponnammal

Kunali mvumbi kuyambira m'mawa. Ine ndi mlamu wanga Pichaimuthu, mlongo wake wa malemu mkazi wanga Ponnammal, tinausa m'kachisi wakale wamiyala kuseri kwa minda ya mpunga. Anali atandilondola kuchokera kumsika ndi nyimbo yake ija yoti ndikwatirenso.

"Alamu, Sornam wosoka zovala uja wavomera," anatero akuvula nsapato. "Wangoti mukonze kaye denga. M'nyumba yodontha salowamo."

"Silikonzedwa."

"Makwerero ndikubwerekani."

Ndinaloza mwala wa mulungu Shiva m'kachipinda kamdima. "Pansi pa mwala uwo pali chiyani?"

"Dothi."

"Phulusa la mfumukazi. Mwamuna wake ndiye anamumangira zonsezi."

"Eya. Ndiye Sornam ndikamuuze chiyani?"

"Khomo ili layang'ana kuti?"

Anatuluka, nanyowa, nabwerera akudzikunthakuntha. "Kukhola la mbuzi la Karuppan."

"Kumadzulo! Kolowera dzuwa, kwa akufa. Taonani, mwala pamwamba pa mwala, popanda matope. Munthu wokonda kamodzi amatero."

"Aa! Mukufuna kachisi? Alamu, Sornam ndi wa singano, miyala sangaithe. Komanso inu simunafe."

"Sindikunena za ine."

"Nayenso sanafe. Dzulo ndamuona akudya nthochi."

"Ndikunena mfumu, inu! Mkazi mmodzi, basi. Onani pakhoma apo pamene anaisema, yaima yapinda manja, ikulira mkazi wake. Osati amuna a masiku ano, phulusa lisanazizire ayamba kale kupesa ndevu."

Mlamu anasendera pafupi ndi khomalo, nayamba kukanda ndere ndi chikhadabo.

"Yaimadi. Nanga amayi awa ali m'mbali mwakewa?"

"Ovina."

"Ovina ataigwira mfumu pamkono?"

"Antchito."

"Iii, alamu, antchito ovala mkanda wa ukwati pakhosi? Uyu wavala. Uyu wavala. Uyunso. Uyu ndiye wanyamula ndi mwana."

"Wosemayo anali ataledzera."

"Woledzera dzanja kuwongoka chonchi? Mphuno ya mwanayu ndi ya mfumu yeniyeni. Tabwerani muone."

"Ndikuona ndili pompano."

"Mwina enawa ndi amene ankaphikira amisiri. Kachisi wotere sangamangidwe ndi munthu wodya mpunga wa dzulo ngati inu."

Lachisanu lililonse ndimabwera kudzayatsa nyali muno, koma ndere imeneyo ndinali ndisanaikandepo. Munthu wanzeru sakanda makoma a eni.

Mlamu anayang'ana kumwamba. Anatambasula chikhatho, nayenda nacho ngodya zonse ngati wopempha.

"Alamu."

"Chiyaninso?"

"Muno simukudontha."

"Ndiye?"

"Ayi, ndikungodabwa. Mfumu ya akazi ambirimbiri, koma wakufayo wagona pouma kuyambira kalekale. Inu wa mkazi mmodzi, chithunzi cha mlongo wanga munachipachika podontha penipeni. Maluwa mumamuveka aja aola, nkhope yachita chuku." Anavala nsapato akumwetulira. "Makwerero ndibwere nawo mawa? Sornam ndikamuuza ndikamabwerera."

Ndinapita kunyumba mvula isanakate. Ndinazula msomali, ndinapukuta Ponnammal ndi nsalu youma, ndi kumupachika pakhoma lina. Denga sindinalikhudze.