Matewera Opita ku Antofagasta

Pabwalo la ndege ku Puerto Montt mzere wa ku Antofagasta sunkasuntha, kunja mvula ikungothira, ine miyendo itatopa. Kutsogolo kwanga mayi ena achikulire ankalimbana ndi chikwama chokana kutsekeka, bambo wina wovala jekete la ogwira ntchito kudoko akuwayang'ana.

"Mwalongedza nyumba yonse, mayi?"

"Ndi matewera awa. Mwana wanga Eliana wachira kumeneko. Ndikukamutenga pamodzi ndi khandalo. Mwana angakulire pamchenga wa m'chipululu?"

"Onsewa? Kumeneko mukamayanika lomaliza, loyamba lauma kale."

"Bodza! Kuno timachita kuyanika pamwamba pa chitofu."

"Mukaona nokha. Ndege ikamatsika, uku phiri lopanda ngakhale udzu, uku sitima zikudikira mkuwa. Madzi akumwa amachita kusefa a m'nyanja yamchere. Anthu aja ndi akatundu. Ine chifuwa changa chinathera komweko."

"Chifuwa? Eliana wakula akutsokomola, dzinja lililonse kuchipatala."

"Nanga pafoni mumamumva akutsokomola?"

"Ayi... chipitireni sindinamumvepo."

"Ndiye mukamubweze kumvula kuno?"

"Musandiphunzitse kulera, bambo inu. Tangondiuzani, kumeneko mawondo a nkhalamba nawonso amasiya kuwawa?"